X-Plane 12 pophunzira kuuluka m'mitambo: gulani ngati muli ndi wokusokonezani

Wachinyamata wa kuno ku Dedza amene akusonkha ndalama zokaphunzirira kuyendetsa ndege, kapena amene ali kale ndi laisensi yoyamba ndipo akulakalaka yomulola kuuluka m'mitambo, funso lake limakhala limodzi: kodi pulogalamu ya pa kompyuta ingamupulumutsireko maola odula a m'ndege yeniyeni? Pa X-Plane 12 yankho ndi inde, bola muisandutse malo oonongerapo zida mwadala, wina ali pambali panu kukusokonezani. Mukaigula kuti muzisirira nyanja muli m'mwamba, madola anuwo alowa m'madzi.

Pulogalamuyi ndi ya kampani ya ku America yotchedwa Laminar Research, ndipo inatuluka mu December 2022. Musanalipire kalikonse tsitsani kaye ya demo. Ndi yaulere, koma imakulolani kuuluka mphindi 15 zokha m'dera lochepa. Mphindi zimenezo n'zokwanira kudziwa ngati kompyuta yanu ili ndi mphamvu. Eni ake amati RAM isachepere 8 GB, koma mtima umakhala m'malo pa 16 GB, ndipo graphics card ikhale yapayokha. Laputopu wamba ya mu ofesi iwalani. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa pa demo ndi frame rate, nambala ya zithunzi zimene sikirini ikuonetsa pa sekondi. Ikatsika pansi pa 20, X-Plane imachedwetsa nthawi ya m'ndege kuti masamu ake asasokonezeke, ndiye mphindi ya pa wotchi yanu ya pamkono sifanananso ndi mphindi ya ndegeyo. Kwa wosewera chabe zilibe kanthu. Kwa wophunzira ndi vuto lalikulu, chifukwa kuuluka ndi zida kumadalira wotchi: kukhota kovomerezeka ndi madigiri 3 pa sekondi, kuzungulira konse mphindi 2, mwendo wa holding (kuzungulira m'mwamba podikira mpata wotera) mphindi imodzi. Tsitsani mithunzi, nyumba ndi mitengo mpaka nambalayo ikhazikike pamwamba pa 25. Mulimonsemo mukhala muli m'mitambo, simuziona.

Pa nkhani ya bandulo, X-Plane ndi yabwino kwa ife akuno. Poiika m'kompyuta mumasankha zigawo za dziko zimene mukufuna, ndiye sankhani Malawi ndi madera otizungulira basi. Zikatsika, imayenda popanda intaneti, kupatula kuti nthawi ndi nthawi imafuna kutsimikizira kiyi yanu. Microsoft Flight Simulator 2024 ndi yokongola kuposa iyi, palibe wotsutsa, koma imakoka mapu ake pa intaneti pamene mukuuluka, ndipo pa netiweki ya ku Linthipe kapena ku Lizulu mukhoza kuthera madzulo onse mukuyang'ana sikirini. Magetsi a ESCOM ndi nkhani ina: UPS yaing'ono ingokupatsani mpata wozimitsa bwino kompyuta, osati womaliza ulendo. Kulipira kumafuna khadi yogulira kunja, ndipo za forex mukuzidziwa kale.

Ndege yoti mugwiritse ntchito ndi Cessna 172 yomwe imabwera ndi pulogalamuyi. Ilipo ya mitundu iwiri: ya mawotchi ozungulira yokhala ndi GPS zofanana ndi Garmin 530 ndi 430, ndi ya masikirini a G1000. Yambani ndi ya mawotchi. Pa G1000 chida chikafa pamatuluka X wamkulu wofiira, ndipo ngakhale mwana angaone. Mawotchi akale amanama mwakachetechete, ndipo luso limene mukulifunalo ndi logwira bodza limenelo.

Ndalama zanu zikugula tsamba la failures. Chida chilichonse mukhoza kuchiuza kuti chife pa nthawi yakutiyakuti, pa liwiro lakutilakuti, pa msinkhu wakutiwakuti, kapena wina akadina batani. Njira yomalizayi ndi yoposa zonse, chifukwa mukadziikira nokha mumakhala mukudikira, ndipo wodikira sapusitsika. Mnzanu safunika kudziwa kuyendetsa ndege. Mchemwali wanu wa Fomu 3 akhoza kugwira ntchitoyi bwino lomwe, mukangomulembera pa pepala zida zisanu ndi chimodzi n'kumuuza asankhe chimodzi osakuuzani. Muli ndi sikirini yachiwiri, ikani pamenepo tsamba la mphunzitsi, n'kuitembenuza kuti inu musamaione.

Ulendo woyeserera usankhe wa kwathu konkuno. Yambani pa bwalo la ndege la Kamuzu, lomwe m'makina limalembedwa FWKI, pa msewu wonyamukira ndi kuterapo wa 14. Bwalolo lili pamwamba pang'ono pa mapazi 4,000. Ikani mitambo itsike mpaka mapazi 500 kuchokera pansi, ndipo ikhale yochindikala kuti musatulukire pamwamba pake. Mukanyamuka pa 14 n'kumangopita osakhota, mukulunjika chakuno, ndipo patatha pafupifupi theka la ola pa Cessna mwafika dera la phiri la Dedza, lomwe ndi lotalika mamita 2,198, kapena mapazi 7,211. Wophunzira amene waima pa mapazi 6,000 amadziona ali bwinobwino, poti bwalo lija walisiya mapazi 2,000 pansi pake. Phiri lili mapazi oposa 1,200 pamwamba pa mutu wake. Lamulo la ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse, kumalo a mapiri limafuna mapazi 2,000 pamwamba pa nsonga yaitali iliyonse yomwe ili m'kati mwa makilomita 8, ndiye dera lino musatsike pansi pa 9,300. Aliyense amene anadzukapo m'mawa wa mu July pa boma pano, phiri lonse litamezedwa ndi chifunga, safunika kumuuza kuti zimenezi si nthano.

Choyamba kupha ndi pampu ya vacuum. Mu Cessna ya mawotchi, attitude indicator yosonyeza kupendekeka kwa ndege ndi heading indicator yosonyeza kolowera zimazungulitsidwa ndi mpweya wokokedwa ndi pampu imeneyi. Turn coordinator yosonyeza liwiro lokhotera imayendera magetsi. Opanga ndege anasiyanitsa dala kuti zonse zisafere limodzi. Pa mndandanda wa X-Plane pali mapampu awiri, ndiye mnzanuyo awaphe onse. Pampu ikafa, gyro yozungulira m'kati mwa wotchi siima pompo. Imatha mphamvu pang'onopang'ono, mzere wa m'wotchimo n'kuyamba kupendama mwaulesi, ndipo wophunzira amautsatira mokhulupirika, akuganiza kuti akuongola ndege pomwe akuigoneka cham'mbali. X-Plane yachita bwino pamenepa, sichida chongoti zii nthawi imodzi. Kuti mugwire bodzali, funsani zida zitatu funso limodzi. Attitude indicator ikati mwapendamira kumanja, koma kandege ka pa turn coordinator kali chilili ndipo kampasi siikusuntha, ndiye awiri akutsutsa mmodzi. Kenako yang'anani kawotchi ka suction, komwe singano yake iyenera kukhala pakati pa 4.5 ndi 5.5. Mukatsimikiza, matani kapepala pa sikirini kuphimba mawotchi awiri akufawo. Diso limabwererabe kumene linazolowera ngakhale mutu ukudziwa kuti chidacho chafa, n'chifukwa chake m'ndege yeniyeni amaphimbanso. Kuyambira pamenepo mumakhota ndi wotchi: madigiri 90 ndi masekondi 30, madigiri 30 ndi masekondi 10.

Mukatsala ndi kampasi ya maginito, samalani ndi makanema a pa YouTube. Ambiri ndi a anthu a ku America, ndipo malamulo amene amaloweza pa kunama kwa kampasi ndi a kumpoto kwa equator. Ife tili kummwera, Dedza ali pa madigiri 14, ndipo kuno zimatembenuka. Mukamakhotera kumpoto pitirirani pang'ono nambala imene mukufuna musanaongole mapiko, mukamakhotera kummwera ongolani musanafike. Mukuyenda chakum'mawa kapena chakumadzulo n'kuonjezera liwiro, kampasi imanamizira kuti mwakhotera kummwera. Pafupi ndi equator chonchi kunamako n'kochepa poyerekeza ndi ku Cape Town, koma mbali yake ndi imeneyo, ndipo amene akaphunzire ku South Africa akakumana nazo pa mayeso.

Chachiwiri ndi pitot ndi static. Pitot ndi kapaipi ka pansi pa phiko lakumanzere kolandira mphepo yakutsogolo. Static ndi kabowo ka m'mbali mwa ndege koyeza mpweya wodekha. Kuno kwathu ndege yaing'ono ikhoza kukumana ndi ayezi m'mitambo yaitali ya nthawi ya dzinja, koma mdani wa tsiku ndi tsiku ndi mavu omanga ndi dothi aja, amene salephera kupeza kabowo pa ndege yoimikidwa popanda chophimba. Ofufuza ngozi ya Boeing 757 ya Birgenair, yomwe inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata mu February 1996 n'kupha anthu 189, anapeza kuti pitot imodzi inali yotsekeka, ndipo anakayikira tizilombo tomweti. Pitot ikatsekeka kukamwa kokha, kabowo kake kotayira madzi kali kotsegula, liwiro limagwera pa ziro, ndipo zimenezo n'zosavuta kuzindikira. Ikatsekeka konsekonse ndiye zoopsa: wotchi ya liwiro imasanduka altimeter, wotchi yosonyeza msinkhu. Mukamakwera imaonetsa liwiro likuchuluka, inu n'kukoka yoke, chiwongolero cha ndege, kuti mulichepetse, ndege n'kukweranso, singano n'kuonjezeranso, mpaka mapiko atasiya kunyamula. Static ikatsekeka, altimeter imauma pamalo amodzi, VSI yosonyeza liwiro lokwerera kapena lotsikira imakhala pa ziro, ndipo liwiro limaoneka lochepa pokwera, lochuluka potsika. Tayesani zimenezi pa ulendo wa ku Dedza uja. Mnzanu atseke static muli pa 9,500, kenako akuuzeni kuti mutsike pang'ono. Mukankha yoke, altimeter siisuntha, mukankhanso. Mankhwala ake ndi kakoka ka alternate static pafupi ndi throttle, komwe kamatenga mpweya wa m'kati mwa ndege. Mukakakoka, altimeter ndi liwiro zimaonetsa zokwererapo pang'ono kuposa zenizeni, ndiye musamatsike mpaka pa malire penipeni.

Altimeter yabwinobwino imanamanso mukaipatsa nambala yolakwika. Nambalayo ndi QNH, muyeso wa kulemera kwa mpweya. Kuno amaipereka mu hectopascal, pomwe kawindo ka altimeter ya Cessna ya mawotchi kali mu mainchi a ku America. 1013 ndi chimodzimodzi 29.92. Hectopascal imodzi ndi mapazi pafupifupi 28. Wina akamva 992 n'kuika 29.92, wadzinamiza ndi ma hectopascal 21, ndipo ndege ili mapazi pafupifupi 600 pansi pa pamene iye akuona. Lembani tebulo losinthira, mulimate m'mphepete mwa sikirini. Pa G1000 mukhoza kungosintha kuti iziwerenga hectopascal.

Tsopano zida zolondolera njira, pomwe ophunzira ambiri amagwera. VOR ndi siteshoni ya pansi youlutsa pakati pa 108.0 ndi 117.95 MHz, ndipo iliyonse imatumiza dzina lake m'zilembo za Morse. X-Plane imamveketsa Morse ameneyu mukatsegula NAV pa audio panel, ndipo ndi bwino kuti imatero, chifukwa chizolowezi chomvetsera chimayambira pompa. Singano kusuntha sikutanthauza kuti mwatchera siteshoni yoyenera. Kumangotanthauza kuti wailesi ikumva china chake. Amisiri akamakonza siteshoni amachotsa Morse uja, ndiye siteshoni yopanda dzina musaikhulupirire ngakhale singano ikuoneka ya moyo. Anzathu a tsidya ilo la Angonia ku Mozambique amaidziwa nkhaniyi mowawa. Pa 19 October 1986 ndege ya Tupolev Tu-134 yonyamula Pulezidenti Samora Machel kuchokera ku Mbala ku Zambia inakhotera kumanja isanafike ku Maputo, n'kukawomba mapiri a ku Mbuzini ku South Africa. Komiti ya Jaji Cecil Margo inati oyendetsawo ayenera kuti anatchera VOR ya Matsapa ku Swaziland, a Soviet Union anati panali siteshoni yabodza yoikidwa dala, ndipo mkanganowo sunathe mpaka lero. Kwa wophunzira, mbali zonse ziwirizi zikugwirizana pa chimodzi: singano inkatsatira chizindikiro chosachokera ku Maputo.

Kadontho kamodzi pa wotchi ya VOR ndi madigiri 2, singano ikafika kumapeto ndi madigiri 10. Digiri imodzi pa mtunda wa mamailosi a panyanja 60 ndi mailosi imodzi, ndiye muli mamailosi 30 kuchokera pa siteshoni, kadontho kamodzi ndi mailosi yathunthu kunja kwa njira. Pakati pa mapiri si pang'ono. Mukayandikira siteshoni singano imayamba kunjenjemera ndipo mbendera ya TO imagwa n'kukhala FROM. Musaithamangitse, gwirani heading yanu mpaka ikhazikike. DME, choyezera mtunda wa kusiteshoni, nayo siifika pa ziro mukadutsa pamwamba pa siteshoni, chifukwa imayeza mtunda wopendekera: muli mapazi 6,000 pamwamba pake imaonetsa mailosi imodzi. Ndiye pali kulakwitsa kwa OBS, kapotolo kosankhira njira pa wotchi ya VOR. Mukaika 140 pomwe mukuulukira 320, singano imagwira ntchito mozondoka, mukailondola imakuthawani, ndipo wophunzira amaonjezera kukhota m'malo moima n'kufunsa chifukwa chake.

Apa X-Plane ili ndi chofooka. Mndandanda wake wa failures umakonda zida zofa kotheratu: wailesi yazima, GPS yazima, glideslope yosonyeza mzere wotsikira yasowa. M'ndege yeniyeni chovutitsa ndi wailesi imene ikugwira ntchito koma yapatuka madigiri angapo, n'chifukwa chake ku America amalamula kuyesa VOR masiku 30 aliwonse, ndipo siiyenera kupatuka kuposa madigiri 4 pansi kapena 6 m'mwamba. Kunama kotereku muyenera kukupanga nokha. Imitsani pulogalamu, tulukani panja kamphindi, mnzanu asunthe OBS madigiri 10, kapena asinthe frequency ndi kadontho kamodzi, kapena apotoze QNH. Mukabwerera n'kupitiriza, iye awerenge masekondi mpaka mutazindikira. Nambala imeneyo ndiyo muyeso wanu, osati kukongola kwa kateredwe kanu.

Batani limene lapusitsa anthu ambiri ndi la CDI pa Garmin 530. Limasankha ngati singano ya kutsogolo kwanu ikumvera GPS kapena wailesi, ndipo pakona pa sikirini pamalembedwa GPS kapena VLOC ndi zilembo zazing'ono. Zimachitika chonchi: mwaika ILS, wailesi yolondolera ndege mpaka pa msewu woterapo, m'makina, frequency yalowa ku standby koma simunaitembenuzire ku active, CDI ikadali pa GPS. Singano yaima pakati bwinobwino chifukwa ikutsatira mzere wa GPS, inu mukudikira glideslope imene siibwera, bwalo likuyandikira. X-Plane yatengera batanili mokhulupirika, ndipo pa ichi chokha tikuipatsa ulemu. Musanayambe approach iliyonse, njira yoyandikirira bwalo potera, nenani mokweza zinthu zinayi, chala chili pa chinthucho: frequency ili ku active, Morse ndamumva, course ndaika, CDI ili pa VLOC. Singano ya GPS nayo imasintha tanthauzo popanda kukuuzani: pa GPS ya mtundu wakale kumapeto kwa wotchi ndi mamailosi 5 paulendo, 1 pafupi ndi bwalo, 0.3 pomaliza. Ndipo approach za GPS zotchedwa LPV zimene mumaziona m'makanema a ku America zimadalira WAAS, masetilaiti okonza GPS a ku North America, musataye nthawi nazo ngati mukukonzekera kuuluka kuno.

Pa ILS singano ndi yaukali kuposa ya VOR pafupifupi kanayi, ndiye kukonza kwake ndi madigiri 2 kapena 3, osati 10. Glideslope yambiri ndi ya madigiri 3, kutanthauza mapazi pafupifupi 300 pa mailosi iliyonse, ndipo liwiro lotsikira mumalipeza pochulukitsa groundspeed kasanu: pa 90 knots ndi mapazi 450 pa mphindi. Ilowereni kuchokera pansi nthawi zonse, chifukwa pamwamba pake pamakhala ina yabodza yotsetsereka kwambiri, ndipo mukaigwira yerekezani altimeter ndi msinkhu wolembedwa pa tchati pa mtunda umenewo. X-Plane imakulolani kuyambira mamailosi 10 kuchokera pa msewu, ndiye m'ola limodzi mumabwereza approach kangapo, pomwe m'ndege yeniyeni theka la nthawi limathera pozungulira kuti muyambirenso.

Kusokonezeka maganizo ndi theka lina la phunziroli, ndipo pulogalamu payokha singakupatseni. Masamu ake ndi awa. Pa 90 knots, ndege ikapendama madigiri 5 okha, amene thupi silingawamve, imakhota pafupifupi digiri imodzi pa sekondi. Mukaweramira GPS masekondi 20 kulemba dzina la malo, mumadzuka mwapatuka madigiri 20, ndipo ngati trim yokhazikitsira mphuno ya ndege sinali bwino mwataya kapena mwaonjezera mapazi oposa 100, amene ndi malire a pa mayeso. Zili ngati dalaivala wa minibasi amene akuthandiza kondakitala kuwerenga chenji ali pa M1 cha ku Bembeke m'chifunga. Njira yake ndi kuduladula ntchito. Konzani trim kaye mpaka ndege iziyenda yokha mutaleka yoke. Tembenuzani manambala akuluakulu a frequency, bwererani ku attitude indicator. Tembenuzani ang'onoang'ono, bwererani. Maso asachoke masekondi oposa 3. Zimaoneka zochedwetsa, koma n'zofulumira kuposa kubwezeretsa ndege yosochera.

Akatswiri nawonso zimawagwira. Pa 29 December 1972 onse a m'chipinda choyendetsera Lockheed TriStar ya Eastern Air Lines anaunjikana pa kababu kamodzi ka matayala akutsogolo komwe sikanayake, autopilot inasiya kugwira msinkhu wa mapazi 2,000 popanda wozindikira, ndege inatsika pang'onopang'ono mpaka m'dambo la Everglades ku Florida, anthu 101 anafa. Matayalawo anali atatsika bwinobwino. Pa 20 December 1995 oyendetsa Boeing 757 ya American Airlines akuyandikira Cali ku Colombia analemba R kufuna siteshoni ya Rozo, makina anasankha Romeo ya kufupi ndi Bogotá, ndege inakhotera kumapiri maso awo ali m'makina ndi m'matchati. Chilichonse chimene mwalemba mu GPS, yang'anani mtunda ndi mbali imene ikuonetsa musanadine ENT, muone ngati zikugwirizana ndi kumene mukudziwa kuti muli.

Ndiye mnzanu uja akhale wankhanza pang'ono. Akupatseni clearance, chilolezo cha wa pa tower, yaitali yoti mulembe ndi kubwereza pamene mukufika pa msinkhu umene munauzidwa. Asinthe msewu woterapo mutakonzekera kale wina. Agwetse pensulo yanu pansi, akufunseni mafuta atsala angati muli pakati pokhota, aimbe foni yanu. Inu muphunzire kunena mawu amodzi, standby, n'kupitiriza kuyendetsa. Dongosolo la oyendetsa ndege ndi loti kuyendetsa kumayamba, kulondola njira kumatsatira, kulankhula n'komaliza, ndipo kwa ife amene tinaleredwa kuti wamkulu akalankhula uyankhe msanga, kumuuza wa pa tower kuti adikire kumafuna kuzolowera. Mukamaliza tsegulani mapu ndi replay. Mzere wa ulendo wanu umaonetsa poyera pamene munawerama, ndipo sutsutsika. Wa pa tower wa m'pulogalamuyi ndi wouma, amangobwereza zomwezomwezo. Netiweki yaulere ya VATSIM, yomwe mumalowa kudzera pa xPilot, ili ndi anthu enieni ndipo siidya bandulo kwambiri, koma mabwalo a kuno nthawi zambiri amakhala opanda munthu, ndiye mungafunike kukayeserera ku Johannesburg.

Zolakwika zake zilipo zingapo, ndipo chachikulu ndi mausi. M'ndege dzanja limapeza kapotolo ka wailesi lokha, maso ali kutsogolo. Pa kompyuta muyenera kuyang'ana kamuvi, kukalondolera pa kapotolo kakang'ono, mwinanso kusuntha kamera, ndipo mawotchi amachoka pa sikirini. Kusokonezeka kumeneku n'kwabodza, sikukuphunzitsani kanthu. Ikani heading bug, OBS ndi batani lotembenuza frequency pa mabatani a yoke kapena a kiyibodi, ndipo sungani maonekedwe amodzi a panel oti zonse zizioneka pamodzi osasunthanso. Yoke ya Logitech, imene kale inali ya Saitek, ndiyo yopezeka msanga, koma ili ndi kamalo kolimba pakati kamene kamavutitsa pokonza pang'onopang'ono, ndipo ILS imafuna kukonza kotero. Joystick ya Thrustmaster T.16000M ndi yotsika mtengo ndipo imamvera bwino pakati, ngakhale siifanana ndi ya Cessna. Ma pedal musavutike nawo poyamba.

Chachiwiri, mpando wanu suyenda. M'mitambo yeniyeni timadzi ta m'kati mwa khutu timanama: kupendama kochedwa kuposa madigiri 2 pa sekondi sikumveka, ndipo mukakhota kwa masekondi pafupifupi 20 thupi limayamba kukhulupirira kuti mwaongoka, kotero mukaongoladi mumamva ngati mukugwera mbali inayo. Kafukufuku wa University of Illinois wa mu 1954 anapeza kuti oyendetsa 20 osaphunzira zida, atatsekeredwa kuona kunja, ankataya ndege pa avereji ya masekondi 178. Pa desiki palibe chokukokerani kumbali, ndiye n'kosavuta kudziona katswiri. Nkhondo ya pakati pa maso ndi thupi mukaimenya m'ndege, mphunzitsi ali pambali.

Chachitatu ndi data ya masiteshoni ndi ma approach. Padziko lonse imasinthidwa masiku 28 aliwonse, pomwe imene imabwera ndi pulogalamuyi ndi yakale. Mukhoza kupeza kuti tchati chanu chili ndi dzina limene GPS ya m'pulogalamu siikulidziwa. Navigraph imagulitsa data yatsopano pamodzi ndi matchati, koma ndi ndalama ina ya mwezi ndi mwezi. Ngati simungakwanitse, palibe vuto poyeserera, bola musaloweze ma frequency ndi misinkhu ya m'pulogalamu ngati ndi ya lero. Ya ulendo weniweni imachokera mu AIP, buku la boma la mabwalo ndi njira za ndege, ndi ma NOTAM, zidziwitso za zosintha.

Maola a pa kompyuta ya kunyumba salowa mu logbook. ICAO imafuna maola 40 a kuuluka ndi zida ndi maola 50 a maulendo aatali muli woyendetsa wamkulu, ndipo pa 40 aja osapitirira 20 ndi amene angachitikire pansi, kapena 30 pa simulator yaikulu, koma pa makina ovomerezedwa ndi boma, pali mphunzitsi wovomerezeka. Chimene X-Plane imachepetsa ndi maola obwereza, aja amene mumalipira kachiwiri chifukwa munaiwala dongosolo la holding kapena munasochera m'mabatani a GPS injini ikudya mafuta.

Amene simunakwerepo ndege yophunzirira, musayambe ndi zonsezi. Maphunziro oyamba amafuna maso akhale kunja, pa mphuno ya ndege ndi pamene thambo lakumana ndi dziko, ndipo aphunzitsi amavutika ndi ana a pa kompyuta amene amangoti maso tong'o pa mawotchi. Amene mwafika pa gawo la zida, tengani kaye maphunziro awiri kapena atatu kwa mphunzitsi, akuonetseni kayendetsedwe ka maso ndi checklist ya sukulu yanu, kenako mubwere nazo kunyumba. Gawo lililonse likhale la mphindi 40, chida chakufa chimodzi, chosokoneza chimodzi, ndipo mnzanu azilemba masekondi aja m'kope lomwe mudzapite nalo kwa mphunzitsi.